Radhi wa Ambulansi ndi Galimoto ya Aphunzitsi

Radhi anabadwira ku Malkiya, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, m'banja la asodzi, koma nyanja inamukana akadali mwana. Akangoponda m'bwato la bambo ake m'mimba munkayamba kuwira, ndipo pofika pomwe anatchera miono iye amakhala atagona chafufumimba pa zingwe, nkhope ili mbuu. Atayesa kangapo bambo akewo anagwa mphwayi. "Uyu ndi wa kumtunda," anatero, n'kumupatsa makiyi a kapikapu kotengera nsomba ku msika wa ku Manama.

Anayendetsa nsomba zaka zisanu ndi chimodzi, kenako analowa ntchito yoyendetsa ambulansi pa chipatala china cholipira. Ntchitoyo inamukhala ngati mkanjo wosokera pathupi. Anali munthu wamtali, wa manja akuluakulu, wosachedwa kuseka koma wochedwa kukwiya, ndipo pa chiwongolero sankadziwa kunjenjemera. Manesi ankalimbirana kukwera naye. Anakwatira Ramla, mwana wa wophika buledi wa m'mudzi momwemo, ndipo atabadwa mwana wawo woyamba, Kumail, dzina loti Radhi linayamba kuiwalika. Kwa anthu anali Bu Kumail basi, ndiko kuti bambo a Kumail, mkazi wake Umm Kumail, mayi a Kumail.

M'chipululu, kum'mwera kwa mudzi wawo, muli bwalo la mpikisano wa magalimoto. Masiku ena bwalolo limatsegulidwa kwa anthu wamba, aliyense n'kubwera ndi galimoto yake kudzaithamangitsa mmene mtima ukufunira, ndipo pa masiku otero pamafunika ambulansi yodikirira. Madalaivala anzake ankaithawa ntchito imeneyi. Ankati ndi ntchito ya mlonda, kukhala phee tsiku lonse injini ili chete. Radhi anaipempha yekha. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankaimika ambulansi pa malo amodzimodzi, kuseri kwa mpanda wachitsulo pa kona ina yokhota kwambiri, fulasiki ya tiyi ili pakati pa miyendo, n'kumaonera.

Ovulala kwenikweni ananyamula ochepa. Wina anathyoka dzanja, wina anakomoka ndi kutentha. Ambiri chimene chinkathyoka unali mtima. Ankaona mnyamata akubwera ndi chigalimoto chonyezimira cha mphamvu ngati mphepo ya mkuntho, pofika masana chikutuluka pamsana pa lole. Ankaonanso tigalimoto takale, topanda ulemu, tikuzungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, eni ake n'kubwerera kwawo akuimba mluzu. Motero anakhala ndi mawu ake amene ankauza aliyense wofuna kumva, ngakhalenso wosafuna.

"Galimoto yoyambira," ankatero, "izikhala yoti ukaigunditsa, madzulo ake chakudya chizilowabe kukhosi."

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi anamupumitsa ntchito. Anamupatsa wotchi ndi keke, iye n'kubwerera kunyumba. Mwezi woyamba anakonza mipopi yonse, ndi yabwinobwino yomwe. Wachiwiri anathirira mtengo wa ndimu mpaka masamba anachita chikasu. Wachitatu analowa m'khitchini ya Ramla n'kusanja mabotolo a zokometsera kuyambira lalitali mpaka lalifupi, moti tsiku limenelo mpunga unathiridwa sinamoni m'malo mwa chitowe.

Tsiku lina m'mawa, Ramla akupala nsomba pa sinki, Radhi anaima pakhomo n'kutsokomola.

"Umm Kumail, ndikufuna kugula galimoto."

"Ili panjayo yatani?"

"Iyo ndi ya kumsika ndi kumzikiti. Ndikufuna ya kubwalo."

Ramla anaika mpeni pansi n'kutembenuka, mamba ali yakatayakata m'manja.

"Zaka zonsezi mumabwera pano n'kumandiuza kuti anthu aja mitu yawo sikoka. Ndiye matendawo akugwirani liti?"

"Mitu yawo imakoka. Magalimoto awo ndiwo amawakulira."

"Nanga akakutolani ndani, poti wotola munali inu?"

"Analemba wina. Ndinamuphunzitsa ndine."

Ramla anaseka mpaka kugwira m'mphepete mwa sinki. Koma atamuyang'ana mwamuna wake anaona kuti sakuseka. Anali ataima ngati mwana wopempha kupita kokasewera. Anayang'ananso mabotolo ake a zokometsera, amene anali asanabwerere m'malo mwake.

"Chabwino," anatero. "Isapitirire madinari chikwi chimodzi. Ndipo kosankhako ndipita nawo. Inu mukaona chinthu chonyezimira mumaiwala ndi dzina lanu lomwe."

"Ndi mmene ndinakukwatirirani."

"Tachokani apa, mukunditchingira kuwala."

Munthu woyamba kumuuza anali Makki, wotchedwanso Bu Jawad, mnzake wa pa ubwana, amene ali ndi galaja ku Salmabad. Makki ndi wamfupi, wa dazi, ndipo palibe galimoto imene inalowa m'galaja mwake n'kutuluka osanyozedwa. Atamva nkhaniyo sanadabwe. Analowa m'kachipinda kake n'kutuluka ndi chisoti cholimba, chonga cha a njinga zamoto, chimene wina anasiya kalekale.

"Kumeneko salowetsa munthu wopanda ichi, ukudziwa kale. Tsono iwe ndi kanjedza. Galimoto iliyonse imene tikaone, uzikhalamo utavala chisotichi. Mutu ukagunda denga, tizipita, ngakhale atatipatsa ulere."

Aliyense amene anamufunsa ankatchula galimoto imodzi yomweyo, kagalimoto kena ka ku Japan ka mipando iwiri, ka denga la nsalu, kopepuka ngati dengu. Radhi mwini ankakakonda. Anali atakaona kakudutsa pa kona yake kambirimbiri, kosapsa mtima, kosatopa. Anapeza kena kofiira ku Riffa, kwa mnyamata wa ku banki amene anali atangokwatira, ndipo apongozi ake ankati kagalimotoko si ka munthu wapabanja.

Anafika atatu madzulo, dzuwa litafewa. Radhi anavula mpango wakumutu n'kupatsa Ramla, n'kuvala chisoti pamwamba pa mkanjo wake woyera. Anthu a m'nyumba zoyandikana anayamba kusuzumira pa mawindo. Analowetsa mwendo umodzi, kenako wina, n'kudzipinda ngati mphasa mpaka anakhala pansi. Mawondo anakumbatira chiwongolero. Mutu unatulukira pamwamba pa galasi lakutsogolo.

"Tatsekani denga tione," anatero Makki.

Mnyamata uja anakoka denga la nsalu. Linatsekeka ndithu, koma pakati pake panatuluka chotupa chozungulira ngati chivwende chobisidwa m'thumba.

"Muli bwanji mmenemo, Bu Kumail?" anafunsa Ramla.

"Ndikuona mawondo anga okha," mawu anatuluka m'katimo.

Kumutulutsa kunafuna anthu awiri, Makki kukoka mkono, mwini galimoto kukankha phazi. Pobwerera Ramla ankangoti akatonthola n'kuyambiranso kuseka, mpaka Radhi nayenso analephera kudzigwira.

Anayenda milungu inayi. Galimoto ina inali yokongola kunja koma pansi dzimbiri la mchere wa m'nyanja litadya mpaka chala kulowa. Ina injini yake inkatsokomola utsi wabuluu, mwini wake n'kumalumbira kuti yayamba lero lomwe. Zambiri zinali zosintha magiya zokha, pamene Radhi ankafuna ya magiya a pamanja. Ankati munthu wophunzira ayenera kumva ndi dzanja lake zimene injini ikunena.

Kenako Radhi anagwa m'mbuna imene iye mwini anakhala akuchenjeza anthu. Pa malo ena ogulitsira magalimoto akale, kuseri kwenikweni, kunali chigalimoto chakuda cha ku Ulaya, chachitali, mipando yachikopa, injini yodzaza kutsogolo konse. Chinali chakale ndithu, n'chifukwa chake mtengo wake unali wotsika modabwitsa, madinari mazana asanu ndi anayi. Radhi analowamo ndi chisoti chake, denga lili kutali. Analiza injini. Inabangula pansipansi, mawu ake akumveka m'chifuwa osati m'makutu. Manja ake anagwira chiwongolero ndipo sanafune kuchisiya.

"Iyi," anatero.

Makki sanatsutse. Anangopempha kuti aitengere kugalaja kwake akaikweze m'mwamba. Atakweza anayenda pansi pake ndi tochi, akung'ung'udza kanyimbo, n'kumaloza apa pakudontha, apo pakudontha.

"Zonsezo zimakonzeka," anatero Radhi.

"Zimakonzeka, inde. Ana anga amaphunzira sukulu ndi magalimoto otere."

Ramla anali atakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Bu Jawad, tayala limodzi la chimenechi ndi ndalama zingati?"

"Nkhosa ya pa Idi, Umm Kumail. Yonenepa."

"Ndipo kubwaloko matayala amatha masiku angati?"

"Kwa chinthu cholemera chonchi? Maulendo awiri, nkhosa zinayi zapita. Mabuleki sindikunena. Akatentha amasanduka phala."

Ramla anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndiye mukaigunditsa, madzulo ake chakudya chidzalowa kukhosi?"

Radhi anabweza chigalimotocho kwa eni ake ndipo kwa masiku atatu ankayankhula mochepa. Tsiku lachitatu, akumwa tiyi pansi pa mtengo wa ndimu, anayamba yekha.

"Ndikudziwa kuti sinali yabwino. Ndinadziwa ndisanalize injini. Koma zaka zonse zija ndinkakhala m'galimoto yozima, n'kumamva mawu amene aja akundidutsa. Ndinangofuna tsiku limodzi achokere pansi pa phazi langa."

Ramla anamuthirira tiyi wina. Sanamuseke.

Amene anapeza galimoto ndi Ramla yemweyo. Ali m'golosale ku Manama anaona kapepala komatidwa pafupi ndi khomo, kolembedwa pamanja ndi zilembo zowongoka ngati za pa bolodi. Kankanena za galimoto yaing'ono ya ku Japan, ya magiya a pamanja, ya mwini mmodzi chigulireni, ndipo mwiniyo akubwerera kwawo. M'makona mwa kapepalako munali mutapindika, kusonyeza kuti kakhalitsa popanda wokafuna. Ndani masiku ano afuna kuponda kilatchi pa mzere wa magalimoto wa ku Manama?

Mwini wake anali a Kuriakose, mphunzitsi wa masamu wochokera kutsidya kwa nyanja, ku Kerala, amene anaphunzitsa pa sukulu ina ya m'tauni zaka makumi atatu. Anali munthu wochepa thupi, wa magalasi, wovala tayi ngakhale tsiku lopuma. Anawalandira pansi pa nyumba yosanja ya ku Gudaibiya kumene ankakhala, atanyamula faelo yonenepa m'khwapa.

Galimotoyo inali ya zitseko zinayi, mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Palibe amene akanatembenuka kuiyang'ana pamsewu. Pa mipando panali nsalu zoluka, kumbuyo kabokosi ka mapepala opukutira kovekedwa kajuzi kakekake. A Kuriakose anatsegula faelo pa boneti. Munali pepala la tsiku lililonse limene anasintha oyilo kwa zaka khumi ndi zinayi, ndi la babu lomwe.

Makki analowa pansi ndi tochi yake. Anakhalako nthawi yaitali. Anatuluka, n'kutsegula boneti, n'kununkhiza oyilo, n'kugwedeza tayala lililonse. Nkhope yake inkangoipiraipira.

"Wapeza chiyani?" Radhi ananong'ona.

"Palibe," anatero Makki mokhumudwa. "Munthu uyu akanakhala kasitomala wanga ndikanafa ndi njala."

Radhi anavala chisoti n'kulowa. Anakankhira mpando kumbuyo, n'kuika dzanja pamwamba pa mutu. Zala zitatu zinalowa pakati pa chisoti ndi denga. Magiya ankalowa mofewa ngati mpeni mu halwa, chakudya chofewa chotsekemera cha kumeneko. Anazungulira nayo kawiri m'misewu yapafupi ndipo inali yopepuka, yomvera, yosabisa kanthu. Mphamvu inalibe zambiri, koma zochepazo inkapereka zonse.

Atabwerako anapeza a Kuriakose akumuyang'ana modabwa, ndipo anamuitana ndi dzina laulemu la Msilamu wachikulire.

"Pepani, Hajji. Chisoticho n'chachiyani? Galimoto yangayi sinagundepo ngakhale mphaka."

Ramla anamuponda chala mwamuna wake kuti akhale chete. Ankaopa kuti munthu wosunga galimoto chonchi akamva kumene ikupita akaniza. Koma Radhi bodza silinkamukhala.

"Aphunzitsi, ndisakunamizeni. Ndikufuna kupita nayo kubwalo la mpikisano. Ndikaithamangitse."

A Kuriakose anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi, n'kuwavalanso. Kenako anatsegula chitseko n'kuloza wotchi ya liwiro.

"Mukuona nambala yomalizayi? Analemba 200. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuiyang'ana m'mawa uliwonse. Ine sindinapitirirepo 80. Malemu mkazi wanga akaona 70 ankayamba kupemphera. Koma ndine wa masamu, Hajji. Nambala yosatsimikizika imandivutitsa." Anatseka chitseko bwinobwino. "Mtengo ndinalemba madinari mazana asanu ndi awiri ndi theka. Chotsani thekalo. Koma ndege yanga ikunyamuka kumapeto kwa Novembala, ndipo isananyamuke mundikweze kamodzi kubwaloko."

Ramla anali atabwera atanola mano kuti anenerere mtengo. Anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti palibe choluma, n'kutsekanso.

Makki anaigwira masiku awiri. Anasintha mabuleki ndi mafuta ake, anathira oyilo watsopano, anaveka matayala anayi atsopano a mtengo wapakati. Anachotsa nsalu zoluka, makapeti ndi chilichonse chimene chikanauluka n'kukalowa pansi pa phazi. Radhi anafunsa mwamanyazi ngati sangaikeko paipi ya utsi yolira kwambiri.

"Bulu ukamumanga belu sasanduka hatchi," anatero Makki. "Ndalamazo sunga, ugulire petulo. Chofunika kukonza m'galimoto muno tsopano ndi dalaivala."

Tsiku lopita kubwalo linali Loweruka la pakati pa Novembala, kamphepo kozizirira kakuwomba kuchokera kumpoto. Mkanjo saloleza kumeneko, choncho Radhi anavala buluku la Kumail, limene linkathera pamwamba pa akakolo. Ramla ndi a Kuriakose anabwera pa galimoto ya Makki, ndi poto wa mpunga wa nkhuku wokulungidwa m'bulangete. Pa geti alonda anamuzindikira.

"Bu Kumail, ambulansi yafota?"

"Yapuma ntchito ngati mwini wake. Tatsegulani."

Anaimika kagalimoto kake pakati pa magalimoto awiri otsika, owala, amene galasi limodzi lokha mtengo wake unkaposa kagalimoto konseko. Eni ake anamupatsa moni mwaulemu. Ena anali anthu amene iye anawapatsako madzi ozizira ndi mawu olimbikitsa kuseri kwa mpanda uja.

Oyamba kumene amakwera kaye ndi mlangizi. Wa Radhi anali Hessa, mtsikana wa zaka ngati makumi atatu, wa mawu odekha, amene ankapikisana nawo pa mipikisano ya m'nyengo yozizira. Anamanga lamba n'kumuuza kuti ayambe pang'onopang'ono.

Langizo limenelo silinali lofunika. Radhi analowa m'bwalo ngati akulowa pa geti ya chipatala. Msewu unali wotambalala kuposa mmene ankauonera ali kunja, wopanda mizere, wopanda zikwangwani, moti sankadziwa poika galimoto. Atayandikira kona yoyamba anayatsa indiketa.

"Hajji, mukuuza ndani?" anafunsa Hessa.

"Chizolowezi, mwana wanga."

Pa kona yachiwiri anayatsanso. Maso ake ankangothamangira pa galasi loonera kumbuyo, ndipo galimoto ikangoonekera patali iye anali atapatuka kale. Mabuleki ankaponda monyengerera, kutali kona isanafike.

"Hajji, kumbuyo kulibe wodwala. Mabuleki pondani kamodzi, mwamphamvu, kenako muwasiye. Ndipo muziyang'ana kumene mukufuna kupita, osati kumene mukuopa."

Ulendo wachitatu, wachinayi, zinayamba kulowa. Anayamba kumva matayala akuluma msewu, kagalimoto kakupendekeka pang'ono n'kudzuka. Injini yaing'ono ija, imene moyo wake wonse inkangonong'ona, inayamba kuimba mokweza ndipo sinkaoneka kuti ikudandaula. Thukuta linkayenderera m'chisoti. Radhi anazindikira kuti akumwetulira chifukwa masaya ankapweteka.

Kona imodzi yokha ndi imene sankaiopa, yake ija. Ankadziwa pamene odziwa amapondera mabuleki, pamene amakhotera, ndi pamene opusa amalakwitsa. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaganiza zomuonetsa Hessa kuti nayenso ali ndi kake. Anafika ndi liwiro kuposa kale. Koma kona ukaionera m'kati si imene umaionera kuseri kwa mpanda. Inamufikira msanga, yopanikizika, ndipo pa nthawi yomweyo diso lake linagwa pa ambulansi itaima pa malo ake akale. Anaiyang'ana kamphindi kamodzi kokha. Pobweza maso kona inali itamupitirira. Anakhotetsa mwadzidzidzi, n'kuchotsa phazi pa moto, zinthu ziwiri zimene anakhala akupukusira anthu mutu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kumbuyo kwa galimoto kunabwera kutsogolo. Chipululu, mpanda ndi thambo zinazungulira kamodzi, matayala akulira, kenako zii. Anaima pa phula lotambalala la kunja kwa kona, osagunda kanthu, injini itazima, mphuno ya galimoto italoza ambulansi. M'katimo dalaivala watsopano uja anamuyang'ana, n'kukweza kapu yake ya tiyi pang'onopang'ono.

"Mwavulala, Hajji?" anafunsa Hessa.

"Ayi."

"Nanga mapewa akugwedezekeranji?"

Radhi ankaseka, misozi ikutsikira m'chisoti. Ankakumbukira nkhope zonse zimene zinaimapo pa malo omwewo zikumuyang'ana iye, ndi zonse zimene ankanena mumtima mwake.

"Ndili ndi anthu ambiri oti ndikawapepese," anatero. Analiza injini, ndipo inadzuka nthawi yomweyo.

Atabwerera koimika magalimoto anapeza mbiri yafika kale. Makki anazungulira galimoto, n'kugwira matayala, n'kunena kuti palibe chaonongeka kupatula dzina la banja. Ramla anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka ku akakolo ali pamtunda aja, n'kumugwira dzanja kanthawi. Kenako anafunyulula poto. Radhi anadya mbale ziwiri.

Masana anazunguliranso ndi Hessa, ndipo pa kona ija sanayang'anenso kumbali. Dzuwa litapendeka Hessa anavomera kuti Radhi akhoza kukweza munthu maulendo atatu, bola makona awatenge modekha. A Kuriakose anabwereka chisoti chimene chinawamiza mpaka m'mapewa. Tayi sanavule. Anakhala pa mpando umene kale unali wa mkazi wawo, manja ali pa mawondo.

Makona oyamba Radhi anawatenga modekha. Atatulukira pa msewu wautali wowongoka, Radhi anaponda mpaka phazi linagunda pansi. A Kuriakose anaweramira ku wotchi ija n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndi mawu a m'kalasi.

"80. 95. 110. Pitirizani, Hajji. 125. 133."

Kagalimoto kankanjenjemera, mphepo ikulira m'mawindo. Galimoto ina yabuluu inawadutsa ngati aima, koma palibe anaiyang'ana.

"138. 140. 141."

Radhi anaponda mabuleki kamodzi, mwamphamvu, monga anamuphunzitsira. Chisoti cha aphunzitsi chinatsetserekera pa mphuno. Maulendo ena awiriwo nambala inali yomweyo. Atatsika, a Kuriakose anatsamira denga la galimoto n'kulisisita. Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kupempha faelo ija, n'kulemba pa tsamba lomaliza tsiku ndi nambala.

"141," anatero. "Zotsalazo ndi homuweki yanu."

A Kuriakose ananyamuka patatha masiku khumi ndi awiri. Radhi ndi Ramla anawaperekeza ku bwalo la ndege pa galimoto yomweyo, masutikesi atadzaza kumbuyo, ndipo Ramla anawapatsa bokosi la zipatso za kanjedza ndi halwa kuti akagawire adzukulu.

Nyengo yozizira yonseyo Radhi sanaphonye tsiku lotsegula. Anaphunzira kusintha yekha mabuleki, Makki ataima pambali akumunyoza magwiridwe a sipanala. Anali wochedwa kuposa onse, ndipo onse ankamudziwa. Anyamata obwera koyamba ankatumizidwa kwa iye kuti akafunse za galimoto yoyambira. Iye ankawauza za denga ndi chisoti, za dzimbiri la pansi, za mtengo wa matayala, koma masiku amenewa ankanena mofatsa, ndipo ankayamba ndi kufotokoza mmene iye mwini anazungulirira pa kona.

Mu Febuluwale anapitirira galimoto koyamba. Inali yofiira, ya mphamvu kuposa yake katatu. Anabwerera koimika magalimoto akuliza hutala, n'kutuluka chisoti chili m'manja.

"Mwaona? Makki, waona?"

"Ndaona munthu akutuluka m'bwalo, atatulutsa dzanja pawindo kuti umudutse," anatero Makki. "Petulo anamuthera."

"Anali kutsogolo kwanga, kenako anali kumbuyo kwanga. Kupitirira n'chiyani ngati si kumeneko?"

"Ndiye inenso dzulo ndinapitirira basi itaima pa siteji."

"Umm Kumail, taweruzani."

Ramla anali pa mthunzi akugawira alonda a pa geti mpunga. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Yofiirayo inali kumbuyo. Ndinaona ndi maso anga."

"Mboni ya m'nyumba," anatero Makki. "Khoti liti lingalandire?"

"Khoti limene likukupatsani mpunga, Bu Jawad. Mudya kapena mukangana?"

Makki anayang'ana poto, n'kuyang'ana mnzake, n'kutambasula mbale.

"Wamupitirira," anatero. "Koma matayala akutsogolowo atha. Lolemba ubwere nayo m'mawa, kusanatenthe."